Tipite nawo kunyanja ana adakali aang'ono chonchi?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Lilongwe. Woyamba ali ndi zaka 7, womponda pamutu ali ndi zaka 3, wakumsanayu miyezi 8. Bambo awo atenga tchuthi cha masiku anayi mu Ogasiti sukulu zikatsekera, ndipo akufuna tikagone ku Senga Bay kenako tipitirire ku Nkhotakota kukaona njovu. Apongozi anga akukaniratu, akuti kunyanja kuli malungo, likodzo ndi ng'ona, si kopita ndi makanda. Ine mtima uli pawiri. Tipite kapena tidikire akuleko?

Yankho: Mayi, pitani. Ntchito yanga ndi yosamalira ana odwala, ndipo mbali yaikulu ndaigwirira m'mbali mwa nyanja momwemo, choncho sindinganene kuti apongozi anu akungokuopsezani. Zitatu zonse atchulazo ziliko ndithu. Koma ndi zinthu zodziwika kumene zimakhala, nthawi imene zimavuta ndi mmene munthu angazipewere. Chimene ndikukana ine ndi dongosolo la bambo a kunyumbalo. Ulendo wa banja umayezedwa ndi mphamvu za mwana wamng'ono pa onse, ndipo kwanu wamng'onoyo adakali kubere. Masiku anayi sangakwane malo awiri otalikirana chotero.

Taonani mtunda wake. Kuchoka ku Lilongwe kudzera msewu wa M14 kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndiye n'kuwonjezerapo ena pafupifupi 20 kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay. Kuti mukafike ku Nkhotakota muyenera kubwereranso mpaka pa Kaphatenga n'kulowa msewu wa M5, makilomita enanso oposa 100, msewu umene m'malo ena ndi wopapatiza ndipo mumaphana ndi magalimoto akuluakulu ochokera ku Dwangwa. Pa masiku anayiwo, atatu athera pampando wa galimoto, mwana wa zaka zitatu akulira, khanda litatopa ndi kutentha, inu msana utauma. Sankhani Senga Bay, mukatule katundu pamalo amodzi, mukagone pomwepo usiku wonse utatu. Za njovu ndinenapo kumapeto.

Ogasiti ndi mwezi wabwino pa zina. Kulibe chifundizi cha mu Okutobala ndi Novembala, kulibe mvula yokokolola milatho, udzudzu umachepako poyerekeza ndi dzinja, ndipo kugombe sikudzaza monga kumachitira pa Tsiku la Anakubala, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka. Koma ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Seputembala, ndipo ikayamba imatha masiku angapo osaleka. Nyanja imene dzulo inali phee imasanduka ya mafunde otha kugwetsa munthu wamkulu. A nthambi yoona zanyengo amalengeza pa wailesi mwera ukamabwera. Muzimvetsera sabata yonyamukayo. Mutengenso majuzi, pakuti m'mamawa ndi usiku kumazizira ngakhale ndi kunyanja.

Nyamukani m'mamawa, ana atadya kaphala pang'ono, osati atakhuta zamafuta. Mukadutsa pa Chezi msewu umayamba kutsika mokhotakhota kulunjika kuchigwa, ndipo ana ambiri amasanzira pamenepo. Jumbo, kansalu konyowa ndi zovala zosinthira zikhale m'manja mwanu, osati m'chikwama chimene chapanikizidwa kubuti. Ngati muli pa galimoto yanuyanu, ana onse akhale kumbuyo atamangidwa, zitseko zokhoma. Khanda lofukatidwa pamiyendo pampando wakutsogolo ndilo limayamba kumenyetseka galimoto ikaima mwadzidzidzi. Mikono ya mayi singaligwire ngakhale mayiyo atalimba bwanji. Mpando wa mwana wa m'galimoto, ngati mulibe, bwerekani. Ngati mukukwera minibasi kapena Sienta, lipirani mpando wa mwana aliyense mwa awiri okulirapowo, ndipo ikadzaza mopitirira muyeso tsikani mudikire ina. Mukafika ku Salima musakweze khanda pa njinga yamoto ngakhale akabaza akunyengerereni kuti m'pafupi. Ndipo mukaima kuti mugule tomato kapena nthochi, musasiye mwana m'galimoto yotseka mawindo ngakhale ali m'tulo. Kutentha kwa mkati kumakwera msanga kuposa mmene thupi la mwana lingapirire.

Tsopano za madzi, zimene apongozi anu sanatchule koma ndizo zimandisowetsa tulo kuposa ng'ona. Mwana wa zaka zitatu ali pa msinkhu woopsa kwambiri: amathamanga, amakonda madzi, koma mantha alibe. Mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, ndiye funde laling'ono likamukankha amagwa chafufumimba, ndipo m'madzi ofika m'mawondo amalephera kudzuka. Sakuwa, sakupiza manja monga anthu amaganizira. Pakamwa pamakhala pali m'madzi, ndiye mawu atulukire pati? Anthu amakhala ali chapafupi pomwepo, wina akuotcha nyama, wina akujambula, wailesi ikulira, aliyense akuganiza kuti mwanayo ali ndi mnzake. Pofika poti wina afunse kuti "kodi uja ali kuti?" mphindi ziwiri zitatu zimakhala zadutsa, ndipo mphindi zimenezo n'zokwanira.

Choncho mugwirizane ndi bambo awo musanaponde mchenga: nthawi iliyonse ana akakhala pafupi ndi madzi pakhale munthu mmodzi wamkulu amene ntchito yake ndi yowayang'ana basi. Foni isakhale m'manja, mowa asalawe, ndipo wa zaka zitatuyo akhale naye pafupi poti akatambasula dzanja amugwira. Akafuna kuchoka azinena mokweza kuti "ndakusiyirani ana", winayo n'kuvomera. Wa zaka 7 musamusandutse mlezi. Iyenso ndi mwana, ndipo mng'ono wake akamamira adzalumphiramo kuti amupulumutse, mavuto n'kukhala awiri. Machubu ndi timabwato topopa togulitsidwa m'misika timanamiza makolo kuti mwana ndi wotetezeka, chonsecho mphepo imatiuluza kulowa pakati, kapena timagudubuzika mwana mutu uli pansi. Ngati pamalo ogonapo pali dziwe losambiramo, liopeni kuposa nyanja, chifukwa limakhala pakhomo penipeni. Mwana amatha kudzuka inu muli m'tulo, n'kutsegula chitseko. Khomani, kiyi muike pamwamba.

Mulungu aletse, koma mukavuula mwana amene sakupuma, musataye nthawi kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Mugonekeni chagada pamalo olimba, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu, kenako muzidinikiza pakati pa chifuwa ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, wina akusaka galimoto. Ndipo mwana aliyense amene wamira n'kutsitsimuka, makamaka akamatsokomola kapena kupuma mobanika, apite kuchipatala cha boma ku Salima tsiku lomwelo ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Anyamata a mabwato adzabwera kukuitanirani ulendo wokazungulira chilumba cha Namalenje, chimene chimaoneka chapafupi mukaima pagombe. Funsani majekete oyandamitsa a saizi ya ana. Jekete la munthu wamkulu mwana amapulumukamo. Ngati palibe, kapena mwera ukuwomba, yankho ndi ayi, ndipo khanda lisakwere n'komwe.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamene mitsinje imathira m'nyanja, monga Linthipe, komanso m'madambo ndi m'mabango, ndipo zimayendayenda kwambiri kukamada ndi m'bandakucha. Pagombe loyera la mchenga pamene anthu amasamba tsiku ndi tsiku si kawirikawiri kuziona. Safunsa anadya phula: mukafika, perekani moni kwa asodzi kapena amayi otsuka mbale, muwafunse kuti ana a pamenepo amasambira pati ndipo safika pati. Iwo ndiwo amadziwa za sabata imeneyo. Dzuwa likapendeka, ana atuluke m'madzi.

Pa za malungo apongozi anu ali ndi mfundo yolimba. Maboma a Salima ndi Nkhotakota ali m'gulu la madera amene malungo amafala chaka chonse, ndipo ana okulira m'tauni, amene salumidwa kawirikawiri, akawatenga amawagwetsa msanga. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, choncho nkhondo yake ndi ya kuyambira chisisira mpaka m'mawa. Nyamulani masikito anuanu onyikidwa m'mankhwala, pamodzi ndi chingwe chomangira. Musadalire a pamalo ogona; ambiri ndi ong'ambika kapena safika pansi pa matiresi. Mukangolowa m'chipinda, kusanade, yalani masikitowo muone ngati ali ndi zibowo, muwapinde bwino pansi pa matiresi mbali zonse. Mwana wogona atatsamira masikito amalumidwa pomwepo, ndiye muike pilo kumbali. Chakudya chamadzulo idyani msanga, ana atavala malaya a manja aatali, mathalauza ndi masokosi. Mafuta othamangitsa udzudzu mungawapake m'miyendo ndi m'mikono, koma osati m'manja mwa khanda, poti manja ake amathera m'kamwa. Ngati kanthu kanuko kanalandira katemera wa malungo, amene dziko lathu linali loyamba kumuyambitsa mu 2019, ndi bwino, koma katemerayu amangochepetsa chiopsezo. Salowa m'malo mwa masikito. Za mankhwala omwera kupewa malungo paulendo, kafunseni kuchipatala musananyamuke, ana atayezedwa sikelo.

Likodzo anthu ambiri amalimva molakwika. Sililowa chifukwa chomwa madzi a m'nyanja kwenikweni. Tizirombo take timakulira mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la munthu amene waima kapena kusamba m'madzimo. Nkhonozo zimachuluka pamadzi odikha, pamene pali udzu, mabango ndi ndere, makamaka pafupi ndi midzi, poti mazira ake amabwerera m'madzi kudzera mu mkodzo ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Pagombe la mchenga woyera pamene mafunde amamenya chiopsezo n'chochepa, koma sindikulonjezani kuti palibiretu. Ana awiri okulirapowo asambe pamalo otero, kwa kanthawi, muwapukute msanga ndi kuwasambitsa ndi sopo. Timathawale totsalira kuseri kwa mchenga, timene ana amatikonda poti madzi ake ndi ofunda, ndi timene muyenera kuwaletsa. Khanda la miyezi 8 nyanja silikuidziwa ndipo siliisowa: likhazikeni m'beseni pamthunzi, muthiremo madzi apampopi kapena apamjigo ofika m'chiuno, mulipatse kapu, inu muli pomwepo. Lidzasangalala kuposa onse. Ndipo ana anu muwaphunzitse kukodza kuchimbudzi asanalowe m'madzi. Nyanjayo ndi ya ana a eni dera amene amamwa ndi kusamba momwemo masiku onse.

Kumbali ya m'mimba, tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Madzi akumwa akhale a m'botolo losatsegulidwa, owiritsa, kapena othira WaterGuard. Mafiriziizi ndi thobwa la m'mabotolo ogwiritsidwa kale ntchito apewedwe masiku anayi amenewa, ana alire alire. Chakudya chikhale chotentha, chophikidwa inu mukuona kapena pamalo aukhondo. Wakumsanayo apitirize kuyamwa pafupipafupi, ndipo ufa wa phala lake, kapoto ndi kasupuni munyamule kuchokera kunyumba kuti asasinthe zimene anazolowera. M'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi ORS, mapiritsi a zinki ndi panado wa ana. Mwana akatsegula m'mimba sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimumwetsa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, zinki apitirize masiku 10 mpaka 14. Maso akalowa, liwombo likaphwa, akamatsegula zamadzimadzi zosalekeza kapena zamagazi, musadikire kuti kuche.

Nsomba adye, pakuti kupita ku Senga Bay osadya nsomba yaiwisi yongovuulidwa kumene n'kuwamana anawo. Kwa wa zaka zitatu kampango ndiye wabwino, mnofu wake ndi wambiri, minga yaing'onoing'ono ndi yochepa. Chambo ndi utaka muzimusankhira nokha, mnofu uliwonse muufinye ndi zala musanaike m'mbale mwake, pamalo owala. Munga ukamukola pakhosi musamumezetse mbamu ya nsima monga timachitira kumudzi, chifukwa imatha kuukankhira mkati. Ngati mukuuona mungauchotse. Ngati simukuuona ndipo akulephera kumeza, kuchipatala.

Dzuwa la kunyanja limawotcha ngakhale mphepo ikuzizira, ndipo mchenga wa masana umapsereza mapazi a mwana. Zipewa, masilipasi, madzi akumwa pafupipafupi, ndipo kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko akhale pamthunzi, agone monga amagonera kunyumba. Masilipasiwo amatetezanso ku mbedza ndi magalasi osweka okwiririka mumchenga. Anyani a m'mapiri a kumeneko anazolowera anthu ndipo amatsomphola chakudya m'manja mwa mwana; musawapatse kanthu.

Musavutike n'kudzaza tsiku ndi zochitika. Chimene mwana wa zaka 7 adzasimbe kusukulu si chipinda chimene munagona. Mudzukeni naye m'mamawa mupite kudooko pamene mabwato akukocheza. Adzaona amuna akukoka khoka mapazi atazika mumchenga, usipa ukuthwanima m'zidebe, amayi ogula akutsutsana mtengo chitenje chili m'chiuno, anyamata akuyala nsomba pathandala kuti ziume, mphamba zikuzungulira m'mwamba kudikira yogwa. Madzulo, atavala kale zotchinga udzudzu, muwaonetse nyali za asodzi zitandandalika pakati pa nyanja ngati mudzi woyandama, muwafotokozere kuti usipa umatsata kuwalako. Tsiku limodzi mungawatengere ku Kuti, malo osungirako nyama amene ali kufupi ndi tauni ya Salima. Kuli mbidzi, mphalapala, ngoma ndi agwape, kulibe mikango kapena njovu, ndiye ndi koyenera ana a misinkhu imeneyi. Pitani m'mawa, mubwerere dzuwa lisanakule.

Musanalipire malo ogona imbani foni mufunse zinthu zenizeni: chipinda chatalikirana bwanji ndi madzi, dziwe losambiramo n'lotchingidwa kapena ayi, mawindo ali ndi sefa, amalola kuphika phala la mwana, ndipo Loweruka pamakhala zoimbaimba mpaka nthawi yanji. Mkati mwa sabata kumakhala bata kusiyana ndi kumapeto kwake. Ndalama ina, ya m'manja komanso ya pa Airtel Money kapena Mpamba, muipatule kuti ndi ya galimoto ndi chipatala, isakhudzidwe ngakhale nsomba itatsika mtengo bwanji. Mabuku a kuchipatala a ana onse atatu alowe m'chikwama chanu cha m'manja.

Apongozi anuwo, bwanji osawapempha kuti apite nawo? Ndikunena moona. Ana atatu pa akuluakulu awiri ndi ntchito yolemetsa pafupi ndi madzi, makamaka inu mukamayamwitsa. Agogo atakhala pamkeka pamthunzi ndi khanda, inu ndi bambo mumatsala ndi mwana mmodzimmodzi. Ndipo munthu amene akuopa ndiye amayang'anira bwino. Muwauze kuti mawu awo mwawamva, ndipo n'chifukwa chake mwagula masikito ndi kusiya za ku Nkhotakota.

Bambo asakhumudwe, njovuzo sizithawa. Nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, inalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Koma ndi nkhalango yaikulu, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ya mitengo yothithikana, ndipo mutha kuyenda maola angapo osaona njovu ndi imodzi yomwe. Mulinso kashembe, ntchentche yoluma mopweteka imene imafalitsa matenda a kaodzera. Si malo a khanda. Ulendo umenewo ukhale wapadera, wa bambo ndi mwana wamkuluyo, kapena wa nonse wamng'onoyu akafika poyenda yekha ndi kumva zomuuza. Pamenepo mudzaime pa Chia kugula nsomba, mudzadye kondowole, ndipo mudzaone mtengo wa pa boma umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pokamba za malonda a akapolo. Mwana amene wayamba kuphunzira mbiri ya dziko lino adzapindula nazo kwambiri kuposa lero.

Chotsala ndi cha mukabwerera, ndipo apa mpamene makolo ambiri amatayirira. Malungo saonekera tsiku lolumidwa. Pamadutsa masiku osachepera 7, kawirikawiri 10 mpaka 15, choncho pa ulendo wa masiku anayi kutentha thupi kudzakupezani muli kale ku Lilongwe, mutaiwala za nyanja, n'kumati ndi mano akumera kapena ndi chimfine cha kusintha kwa mphepo. Mwana aliyense mwa atatuwo akatentha thupi m'mwezi wotsatira, akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze adokotala kuti munali ku Salima. Panado amangoziziritsa thupi, sapha tizirombo. LA, mankhwala a malungo, musagule mongoganizira. Akapezeka nawo malungo amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka amalize, atadya kapena atayamwa. Akakomoka, akamasanza chilichonse, akakana bere, akafooka moti sakudzuka, kapena zikhatho zikayera, thamangani naye usiku womwewo.

Likodzo limachedwa kuposa apo. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikuluzikulu zokha, ndiye kumwetsa ana tsiku lobwerera n'kungotaya mankhwala. Dikirani papite miyezi iwiri, mupite ndi awiri amene anasambawo, pamodzi ndi inu ndi bambo ngati munalowa m'madzi, mukayezetse mkodzo ngakhale palibe amene akudandaula. Mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, kapena mwana akulira pokodza, musadikire miyezi iwiriyo. Mlingo wa wa zaka zitatuyo auwerengere ndi a chipatala malinga ndi kulemera kwake, osati wogulitsa pa golosale.